NDINATSATIRA NJANJI YA MALASHA KUCHOKERA KU LISUNGWI MPAKA KU NYANJA YA MCHERE

Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati foni yatsala pang'ono kuzima kaitchajeni kaye. Amene mwakhala mukundifunsa kuti "amwene, ku Nacala kuja munabwerako ndi chani?", yankho lake ndi ili. Injini ndinabwera nayo imodzi m'malo mwa ziwiri. Koma ndinabweranso ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo, ndipo ndikufuna tithandizane kuisenza.

Mukudziwa kuti kwa chaka ndi theka tsopano ndikukhala ku Lisungwi, kumunsi kwa boma la Neno. Ena mumandiseka kuti makanika wa maboti akufuna chani kudera la milambe ndi fumbi. Musaseke. Usipa utayamba kuvuta, eni zilimira anasiya kulipira, aliyense nkumati "tionana mwezi ukada". Mwezi nkuda, nkuwala, nkudanso, ndalama osaoneka. Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndi amene anandiitanira kuno. Anati injini ndi injini basi. Ndiye pano ndimakonza mapampu othirira mbewu, zigayo ndi njinga za kabaza, ndipo sindigona ndi njala.

Chomwe chinandidabwitsa kuno si kutentha ayi, kwathu nako kumawotcha. Ndi sitima ya malasha. Tsiku lina tikuchokera kokonza pampu tinaima kuti idutse, ine nkuyamba kuwerenga mabogi. Ndinafika pa 100 isanathe. Kumsewu anthu akukankha matumba a makala panjinga, kunjanji malasha akuyenda ngati mtsinje wakuda. Ndinafunsa alamu kuti zonsezi zikupita kuti. Iwo amvekere: "Ku Nacala, alamu. Kunyanja yeniyeni, osati chithaphwi chanu chija." Zinandiwawa koma ndinangoseka.

Njanji imeneyi ndi ya makilomita 912. Imayambira ku migodi ya Moatize m'chigawo cha Tete, kulowa m'Malawi cha ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya ku Balaka, kenako Liwonde, Nayuchi, Cuamba, Nampula mpaka kunyanja. Chigawo chatsopanochi anamanga ndi a kampani ya ku Brazil ya Vale kuyambira mu 2012, ndipo mwambo wotsegulira unachitika mu 2017. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan.

Koma dzina lomwe linkalira m'mutu mwanga silinali Nacala. Linali Mbwani.

Ine ndinakula ndi agogo aakazi awiri. Obereka mayi anali Ayao a kwa Makanjira. Akamatchula Mbwani nkhope inkawala: agogo awo ankapita kumeneko ndi minyanga ya njovu, miyezi ndithu ali m'njira, nkubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Obereka bambo anali Anyanja a kwa Nankumba. Akamatchula Mbwani ankatsitsa mawu: mlongo wa agogo awo anagwidwa ali kamnyamata, akuyanika nsomba pamchenga, anapita naye ku Mbwani ndipo sanabwerenso. Liwu limodzi, nkhope ziwiri. Ndili mwana ndinkayesa Mbwani ndi mudzi wina kuseri kwa mapiri a Namizimu. Ndi kusekondale komwe aphunzitsi a mbiri anatiuza kuti Mbwani ndi gombe la nyanja ya mchere. Ndinalemba mayeso, nkuiwala, ngati mmene tonse tinachitira.

*ULENDO*

Bwana wina wa zilimira ku Mangochi anamva kuti ku Nacala kuli munthu akugulitsa injini ziwiri za Yamaha Enduro 40 pamtengo wabwino. Anandituma kuti ndikazione ndalama isanatuluke. Alamu anandiperekeza chifukwa Chipwitikizi amachitha. Iwo anabadwira mu kampu ya othawa nkhondo ya Luwani konkuno ku Neno, makolo awo atathawa ku Tete. Nkhani imeneyi tiifika kutsogoloku.

Tinakwera pa Zalewa, kudzera ku Liwonde ndi Mangochi, kukwera mapiri kupita ku Namwera, kudinditsa mapasipoti pa Chiponde nkulowa Mandimba. Kuchoka apo tinakwera chapa, ndiye minibasi zawo zija, mpaka Cuamba. Kutacha tinakwera sitima ya anthu yopita ku Nampula, tsiku lonse tili m'njira, uku ndi uku mapiri amiyala oima okhaokha ngati munthu anachita kuwadzala. Kuchoka ku Nampula ndi makilomita pafupifupi 200 kudzera pa Namialo ndi Monapo. Mitengo ya mbibu ndi ya kokonati ikayamba kuchuluka, mphepo nkusintha fungo, dziwani kuti mwayandikira.

*NACALA*

Mzindawu uli pachitunda, uli ndi chigawo cha kumtunda ndi cha kumunsi. Mukaima kumtunda doko lonse mumaliona pansi. Amwene, ndinakhala chete. Ilala yathu yomwe timainyadira ija ndi ya mamita 52. Sitima zina zomwe ndinaona pamenepo zimaposa mamita 200, ndiye kuti ma Ilala anayi mutawandandalika. Chomwe chimapatsa Nacala ulemu ndi kuya kwa madzi ake. Ku Beira amachita kukumba matope pafupipafupi kuti sitima zilowe, pomwe ku Nacala Mulungu anakumba kale. Dokoli analitsegula mu 1951, chaka chomwecho chomwe Ilala inayamba kuyenda panyanja yathu. Feteleza wina yemwe timalimbirana pa depoti, tirigu wa buledi ndi mafuta ena zimatsikira pamenepa.

Mawa lake tinapita kugombe la Fernão Veloso, kukamwa kwa dokoli, ndipo kumeneko ndinachita manyazi. Ndinapeza maboti atagona cham'mbali pamchenga, madzi ali uko kutali. Ndinauza alamu kuti anthuwa nyanja yawathawa ngati mmene imachitira Chilwa. Alamu atamasulira, asodzi onse anafa nacho chiseko. Mkulu wina anandikhazika pansi nkuti ndidikire. Patatha maola ochepa madzi anabwerera okha, popanda mvula, popanda mwera, maboti onse nkuyandama. Kumeneko nyanja imapita ndi kubwera kawiri patsiku, ndipo woikoka ndi mwezi. Ife timayang'ana mwezi kuti tidziwe ngati usipa ubwera kunyali, iwo amauyang'ana kuti adziwe ngati boti lichoka pamchenga. Ndinalawanso madziwo. Musayerekeze.

Za injini zija ndinene mwachidule, chifukwa amakanika anzanga muphunzirapo. Yoyamba kunja inali yowala, penti watsopano. Nditavundukula, mabawuti onse anali atachita ufa woyera, kachitsulo kaja kamene kamadyeka m'malo mwa injini kanali katatha kalekale, njira za madzi oziziritsa zitatsekeka ndi mchere. Ndinayesa kumasula bawuti imodzi, inathyokera m'kati. Ndinaikana. Yachiwiri inali yoperepeseka, yosaoneka bwino, koma mwini wake woyamba ankaitsuka ndi madzi akumwa akachoka panyanja. Kompuresheni inali bwino, madzi akutuluka mwamphamvu. Ndinatenga imeneyo. Injini yochokera kunyanja ya mchere musamaigule poona penti.

Tinawolokanso paboti kupita tsidya lina, ku Nacala-a-Velha, kutanthauza Nacala yakale. Ndi katauni kakang'ono, koma kumeneko ndi kothera njanji ya malasha. Ndinawaona mabogi omwe aja ndinkawerenga ku Neno, milu yakuda ngati mapiri, ndi lamba wautali wonyamula malasha kukathira m'sitima. Ndiye kuti zimene zimatidutsa pakhomo ku Neno zimakayaka moto m'mafakitale a zitsulo kutsidya kwa nyanja, ku India ndi maiko ena.

*CHILUMBA CHOMWE CHINAPATSA DZIKO DZINA*

Ndalama ya bwana inachedwa masiku atatu. M'malo mongokhala, alamu anati tiyeni mukaone Ilha de Moçambique. Tinabwerera pa Monapo nkukhotera kunyanja. Chilumbacho mumachifika pa mlatho wopapatiza wa makilomita oposa atatu, womangidwa m'zaka za m'ma 1960, wodutsa galimoto imodzi, zina zimadikira pa timalo topatukira. Chilumba chenichenicho ndi cha makilomita atatu basi m'litali, chochepa kuposa Likoma. Koma dziko lonse la Mozambique linatenga dzina pa kachilumba kameneka.

Vasco da Gama anafika pamenepa mu 1498 nkupeza kale Aswahili ndi Aluya akuchita malonda, ali ndi mizikiti ndi zombo zawo. Mu 1507 Apwitikizi anakhazikika. Kumapeto kwa chilumba kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, ndipo kakadaima mpaka lero. Pambali pake pali linga la São Sebastião lomwe anayamba kumanga mu 1558. Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608 koma analephera kulilanda. Chilumbacho chilibe mtsinje, ndiye denga lonse la lingalo analikonza kuti lizikolola madzi a mvula kupita m'zitsime zapansi. Monga makanika, zimenezo ndinazigomera. Likulu la Apwitikizi linali pamenepa mpaka mu 1898 pomwe analamula kuti lisamukire ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. Mu 1991 bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Koma chimene chinandigwira mtima si linga. Chilumbacho chinagawika pawiri. Kumpoto kuli nyumba za miyala, za azungu ndi amwenye akale. Kummwera kuli Makuti, komwe kumakhala anthu wamba, nyumba zothithikana, zina zofolera ndi masamba a kokonati. Mukamayenda mumsewu, madenga a ku Makuti mumawaona m'munsi mwanu, chifukwa anthu amakhala m'dzenje. Dzenjelo ndi momwe munakumbidwa miyala yomangira nyumba za kumpoto zija. Okumba miyala ndi amene anatsala m'dzenje, mpaka zidzukulu zawo.

Anthu ake sindinawaone achilendo. Amalankhula Chimakuwa, chomwe chimamveka ngati Chilomwe cha anzathu a ku Phalombe ndi Thyolo. Ambiri ndi Asilamu, ndiye salamu yomwe ndinaphunzira kwa akuchikazi ku Makanjira inanditsegulira makomo. Amayi amadzola ufa woyera wa mtengo kumaso womwe amati mussiro. Anyamata amasoka maukonde atakhala chimodzimodzi ife, chala chakuphazi chitakola ukonde.

*MOSSURIL*

Tsidya lina la chilumba, kumtunda, kuli Mossuril ndi midzi ya Cabaceira. Tinapitako pa chombo cha thanga limodzi la ngodya zitatu, popanda injini. Woyendetsa ankasewera ndi mphepo ngati akuyankhula nayo. Ndili m'menemo ndinakumbukira kuti zombo za mtundu womwewu zinkayendanso panyanja yathu, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa Makanjira. Luso lake linachokera kugombe lomweli.

Mossuril lero ndi katauni kogona tulo. Mu Malichi 2022 namondwe uja anamutcha Gombe anatulukira m'dera limeneli asanafike kwathu kuno, ndipo anthu akadamukumbukira. Koma zaka 300 zapitazo, malo amenewa ndiwo anali kothera njira yochokera kunyanja kwathu. M'zaka za m'ma 1600 minyanga inkabwera ndi Amaravi. M'zaka za m'ma 1700 malondawo anagwidwa ndi Ayao, omwe Apwitikizi ankawalemba kuti Mujao. Nthawi ya chilimwe ankafika m'magulu akuluakulu atasenza minyanga, amwenye a pachilumba nkuwoloka ndi nsalu ndi mikanda. Iyi ndiyo Mbwani ya agogo anga a kwa Makanjira, ndipo sankanama. Anthu amenewa anali akatswiri a ulendo, oyenda makilomita mazanamazana wapansi popanda mapu. Mfumu Mataka inafika potcha mudzi wake Mwembe, dzina la mango, nkudzala mitengoyo kuti kwawo kuzioneka ngati kugombe.

Kenako msika unasintha. Afalansa anatsegula minda ya nzimbe pa zilumba za Mauritius ndi Réunion nkuyamba kufuna anthu ogwira ntchito. Pambuyo pake anabwera a ku Brazil. Munthu anayamba kukhala ndi mtengo ngati nyanga. Njira yomweyo, magulu omwewo, katundu yekha ndi amene anasintha, ndipo katundu watsopanoyu ankayenda yekha. Mu 1836 boma la Portugal linaletsa kutumiza akapolo kunja, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zina zambiri, zombo zikunyamulira m'timitsinje ta m'mphepete mwa nyanja. Ku Madagascar mpaka lero kuli anthu otchedwa Makoa, zidzukulu za omwe anawolotsedwa kuchokera kugombe limeneli.

Pa Mossuril pali malo otsetsereka omangidwa ndi miyala, olowera m'madzi, omwe amati Rampa dos Escravos. Ndi pomwe ankatsitsira anthu kupita m'zombo. Palibe geti, palibe wolipiritsa. Ana ankasewera pomwepo. Ndinavula nsapato nkutsika mpaka madzi anandifika m'maondo. Mukandifunsa chifukwa chake, yankho ndilibe. Ndinangoganiza za kamnyamata kaja ka kwa Nankumba, kodziwa kusambira, kodziwa kupalasa bwato, kakuona nyanja ina nkuyesa mwina kafika kwawo, kenako nkulawa madziwo.

Imvani nkhani ya chombo chimodzi chokha. Pa 3 Disembala 1794, sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José inanyamuka pa chilumbachi ndi akapolo pafupifupi 500, kupita ku Maranhão ku Brazil. Pa 27 Disembala inagunda miyala pafupi ndi Cape Town, cha ku Clifton. Oyendetsa onse anapulumuka. Akapolo oposa 200 anamira, gombe akuliona. Otsalawo anagulitsidwa konko ku Cape. Mu 2015 akatswiri analengeza kuti apeza zotsalira za sitimayo, ndipo dothi lochokera ku Mossuril analitengera kumeneko nkukalithira panyanja pomwe anthuwo anafera. Anzanga amene muli ku Cape Town, amene mumatumiza zithunzi muli pagombe Lamulungu, madzi amenewo muli anthu a kuno.

Pachilumba paja palinso munda wa chikumbutso womwe anautsegula mu 2007, m'kati mwa mpanda wakale, muli ziboliboli za mitu ya anthu. Ndinaziyang'ana chimodzichimodzi. Nkhope zake ndi za pa Msaka pomwepa.

Mossuril sinali njira yokhayo. M'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri a kunyanja kwathu ankapita nawo kumpoto, ku Kilwa ndi Zanzibar. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 nkumawolotsa anthu pa zombo kupita tsidya la kum'mawa. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja yathu ankadutsa pa kasitomu ya Zanzibar chaka chilichonse. Amenewo ndi okhawo omwe anafika amoyo. Mmodzi mwa otengedwa kwathu kuno anali Salimini, wochokera m'chigawo chapakati, yemwe anakapezeka kufupi ndi Mombasa. Mmishonale Johannes Rebmann anakumana naye mu 1853 nkuyamba kulemba mawu a chilankhulo chake, ndipo buku lotanthauzira mawulo linasindikizidwa mu 1877. Ndiye kuti Chichewa chomwe ndikulemba panochi chinayamba kusonkhanitsidwa m'buku kuchokera pakamwa pa kapolo, ali kugombe la nyanja ya mchere. Kunyanja kwathu malondawa anatha ndi nkhondo. Mu Disembala 1891 Captain Cecil Maguire anaphedwa akulimbana ndi zombo za Makanjira, nchifukwa chake kuli Fort Maguire. Mu 1895 Mlozi anapachikidwa ku Karonga. Kuchokera 1895 kufika lero ndi mibadwo inayi kapena isanu basi. Si kale.

*LUMBO*

Pobwerera tinaima pa Lumbo, kumtunda pafupi ndi poyambira mlatho. Pali siteshoni yakale ya sitima, yopanda sitima. Njanji ya kumpoto kwa Mozambique inayambira pamenepa m'zaka za m'ma 1910, chifukwa nthawi imeneyo doko linali pachilumba. Mu 1947 anapatutsa nthambi kuchokera ku Monapo kupita ku Nacala komwe kuli madzi akuya, ndipo kuyambira pamenepo Lumbo ndi chilumba zinayamba kufota. Njanjiyo inafika ku Cuamba mu 1950, ndipo mu 1970, nthawi ya Kamuzu, inalumikizidwa ndi ya kwathu kudzera pa Nayuchi ndi Nkaya. Tauni imakula ndi njira, njira ikasamuka tauni imatsala. A ku Chipoka mukundimva.

Pa Lumbo palinso manda a asilikali a Britain a mu 1918, osesedwa bwino, miyala ili pamzere. Chaka chimenecho nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali m'dera limeneli, akuthamangitsa mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck. Pakati pa othamangitsawo panali asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland. Ndipo onyamula chakudya ndi zipolopolo pamutu anali amtengatenga. Pa nkhondo yonseyo dziko lathu linapereka amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri omwe anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi alibe mwala wolembedwa dzina.

*KUBWERERA KU LISUNGWI*

Nditabwerera ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza zomwe sindinkayembekezera. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda wapansi kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, ulendo wa masiku 53 oyenda. Ali m'njira anakhala milungu iwiri pamudzi wa Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi, kenako anawoloka Shire nkulowera kum'mawa. Akatswiri ena a mbiri amati mudzi wa Muzura unali kuno kudera la Mwanza ndi Neno, cha ku mtsinje wa Wamkulumadzi. Taganizani. Zaka 400 zapitazo, munthu wochoka ku Tete kupita kunyanja ya mchere ankadzera konkuno komwe lero kukudzera malasha ochokera ku Tete komweko. Neno yomwe anthu amaiyesa kumapeto kwa dziko, yomwe inangokhala boma payokha mu 2003, inali panjira yaikulu kalekale.

Ndipo njira ikatsekeka, timalira tonse. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala yomwe. Katundu wa Malawi anayamba kuzungulira ku Durban ndi Dar es Salaam, mitengo ya zinthu nkukwera. Malole ankatuluka pa Mwanza kudutsa Tete pamdipiti, asilikali akuwaperekeza. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, ndipo ena anafera komweko. Nthawi yomweyo anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira kuno, ena nkukhala pa Luwani pomwe anabadwira alamu anga. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992. Kampu ya Luwani inatsekedwa mu 2007, nkutsegulidwanso mu 2016 zipolowe zitabukanso ku Tete. Alamu amati: "Ine ndinabwera kuno ndi nkhondo, inu mwapita kwathu ndi sipanala. Bola inu."

Tsono anzanga, nazi zomwe zili pamtima panga.

Choyamba, mu gulupu ino timakonda kutukwanana za mitundu. Wina akati Ayao munkagulitsa anthu, wina amayankha kuti Anyanja munali akapolo athu, kenako tizithunzi toseka. Ine ndili ndi magazi onse awiri, ndipo ndaima pa miyala ija. Palibe choseketsa pamenepo. Ogula anali Afalansa, Apwitikizi, a ku Brazil, Aluya ndi Aswahili. Ogwira ndi ogulitsa analipo mafumu a Ayao, a Amakuwa, a Angoni, ngakhale a Amaravi omwe. Ogulitsidwa analinso a mitundu yonseyi, Ayao osauka ali momwemo. Panalibe mtundu wa ogulitsa okhaokha kapena wa ogulitsidwa okhaokha. Panali wamfuti ndi wopanda mfuti. Agogo anga onse awiri ankanena zoona, ndipo zidzukulu zawo zinakwatirana nkubereka ine.

Chachiwiri, ndikaona zomwe zakhala zikutsikira kugombe kuchokera kuno, mtima umandiwawa. Minyanga, anthu, amtengatenga, fodya, ndipo pano malasha ongotidutsa. Zobwerera kuno ndi nsalu, mikanda, mfuti, kaunjika, feteleza ndi injini zotha ntchito ngati yomwe ndinakatenga ine. Sindikunena kuti kupita ku Joni ndi ukapolo, amenewo angakhale mawu achipongwe kwa omwe anamangidwa magoli. Wopita lero amapita yekha, ndipo ambiri amanga nyumba zamalata ndi thukuta lawo. Koma mnyamata akagulitsa ukonde wa bambo ake kuti alipire womuwolotsa, nkupita wopanda pasipoti, kwawo osadziwa kuti ali tauni iti, tsiku lina amangosanduka "uja anapita". Mukamapita siyani nambala, siyani dzina la malo, uzani munthu.

Chachitatu ndi chomwe chandipangitsa kulemba zonsezi. Ndili pa Mossuril ndinafuna kutchula dzina la kamnyamata kaja. Ndinalibe. Usiku womwewo ndinaimbira bambo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati: "Amayi ankalitchula, koma ine sindinasunge." Agogowo tinawaika m'manda ndili Fomu 2. Ndinakhala nawo khonde limodzi zaka zonsezo, ndikumva nkhaniyo mpaka kutopa nayo, koma sindinafunse dzina ngakhale tsiku limodzi. Salimini timamudziwa chifukwa wina analemba. Wathuyu palibe analemba.

Ndiye amene mukadali ndi agogo, foni yomwe mukuwerengerayi ili ndi pojambulira mawu. Madzulo ano khalani nawo pansi. Afunseni kuti agogo awo anali ndani, anachokera kuti, ndani anatengedwa, ndani anapita ku nkhondo ya mtengatenga, ndani anapita ku Wenela osabwerera. Afunseni maina. Mukatero tumizani mu gulupu ino, ine ndizilemba m'kope.

Kwa Nankumba kwatsala azakhali amodzi, achemwali awo a bambo, maso anachita khungu koma mutu ukugwira. Kumapeto kwa mwezi uno ndikubwera kudzamangirira injini ija paboti la bwana, ndipo ndikamaliza ndikwera njinga kupita kwa iwo ndi shuga ndi kope. Mwina dzinalo analisunga. Amene muli kufupi mukawaona, auzeni kuti mwana wa achimwene awo akubwera.

Tumizani kwa ena a kugombe.